Tsiku lomwe laputopu inazizira ku Lungwena

Nditalemba mayeso a Fomu 4, aphunzitsi anga a masamu anandiuza kuti ku Mangochi kuli mayi wina wofufuza za nsomba amene akufuna mtsikana wodziwa kutayipa. Ndinapita mtima uli m'mwamba. Mayi Kalua anandilemba ntchito tsiku lomwelo.

Ndinkalowetsa mu laputopu kulemera kwa usipa ndi utaka womwe tinkayeza pa sikelo m'madoko. Kenako ndinkayendetsa pulogalamu yowerengera yomwe iwo analemba m'chinenero cha kompyuta chotchedwa Julia. Anandifotokozera kuti m'chinenerochi kompyuta siimasuliratu malangizo onse. Imadikira mpaka uwafune, ndiye n'kuwasandutsa chinenero cha makina nthawi yomweyo. Choncho ulendo woyamba imachedwa, wachiwiri imathamanga. Ukaizimitsa, iyambanso kumasulira.

Asodzi a ku Lungwena anali atatopa nafe. Anati tikapanda kuwaonetsa zomwe tapeza, sikelo yathu isadzaonekenso padoko. Popanda sikelo, ntchito yanga ikanathera pomwepo. Tsiku la msonkhano wathu ndi asodziwo, Mayi Kalua anadwala malungo, ndipo ananditumiza ndekha. Magetsi anali atazima dzulo lake, laputopu n'kuthera moto panjira. Ndinaitchaja pang'ono pa shopu yometera ya sola, kenako ndinathamangira pansi pa mtengo wa mango pomwe asodzi ankadikira.

Ndinayatsa, n'kudina kuti pulogalamu iyambe. Palibe chinaoneka. Kachizindikiro ka batire kanali kofiira.

"Mwanangu, kodi yagona?" anafunsa Che Saidi, wapampando wa komiti ya padoko.

"Ithireni madzi idzuke!" wina anakuwa kumbuyo, anthu n'kuseka.

"Zimitsani muyatsenso. Foni yanga ndimatero," anatero winanso.

Chala changa chinali kale pa batani lozimitsira. Ndi dzanja linalo ndinaimbira Mayi Kalua.

"Fani ya m'laputopumo ikulira?" anafunsa ndi mawu ofooka.

"Ikulira, mayi."

"Ndiye ikumasulira. Ukazimitsa, batire silikwananso. Chotsa dzanja pamenepo."

Ndinachepetsa kuwala kwa sikirini, dzanja lija n'kulikhalira. Thukuta linkayenderera kumsana. Anyamata ena ananyamuka kupita kukasoka maukonde awo, ndipo Che Saidi anayamba kuvala nsapato. Pamenepo chithunzi cha mizere chinatulukira, choonetsa miyezi yomwe usipa umachuluka ndi yomwe umasowa.

Che Saidi anawerama, nachiyang'ana nthawi yaitali. "Izi mwasakaniza ndi za ku Malindi. Tionetseni zathu zokha."

Ndinasintha dzina la doko, n'kudina. Ndisanachotse chala, chithunzi china chinali chitafika.

"Aa! Yomwe ija?" iwo anadabwa. Kenako anaseka. "Ili ngati injini ya boti langa. Kuvuta n'kuiliza m'mawa basi. Mawa mubwere nayo sikelo ija."

Kuyambira tsikulo, ndisanapite kumsonkhano ndimayamba ndayendetsa pulogalamu pa manambala ochepa kuti itenthe, ndipo sindiizimitsa panjira. Ndikadzapita ku koleji ndikufuna ndikaphunzire kulemba yangayanga. Koma ngakhale pano, sikirini ikangoti duu, dzanja ndimalikhalira kaye, n'kutchera khutu ngati fani ikulira.