Tsiku limene anathena duwa la mayi anga

Dzina la duwalo sindilidziwa mpaka lero. Malemu mayi anga analichotsa panthambi ya mkuyu m'mbali mwa mtsinje wa Bua, n'kundiuza kuti silifuna dothi, limakhala pakhungwa. Ndinaliika m'chitini cha makungwa ovunda n'kulipachika pakhonde pathu ku Njombwa. Linkalendewera mpaka kukhudza mutu wa aliyense wolowa m'nyumba. Mayi atatisiya, chawo chimene ndinatsala nacho chinali duwa lomwelo.

Chaka china cha makuponi a fetereza ndinapita kumaliro ku Lisasadzi. Pobwera ndinapeza duwa langa lili njoo, nthambi zonse zitadulidwa.

"Bambo a mwana, mwalitani duwali?"

"Ndalithena ngati fodya," anatero amuna anga. "Ukadula nsonga masamba amanenepa."

Ndinakalipa mpaka mawu anasasa. Duwa ndi fodya? Koma china chinandisautsa. Mlimi akathena fodya, nsonga amazitaya pompo mumzere. Ine ndinasesa pakhonde, ndinayang'ana kudzala, ngakhale tsamba limodzi osalipeza. Nditafunsa anati mbuzi zadya. Chaka chomwecho anandiuzanso kuti kuponi yathu sinatuluke, ndipo chimanga chathu chinachita chikasu tikuona. Duwalo silinaphukenso, linauma.

Mvula itatha ndinapita ku Wimbe kukafuna mbatata. Ludzu litandigwira ndinapatukira panyumba ina. Ndikuti ndiodire, maso anagwera pakhonde. Mayo ine! Duwa la mayi anga lili lende, lobiriwira bwino. Chitini chake chinamangidwa ndi chingwe cha fodya, mfundo yake yokhota ngati mmene amuna anga amamangira ndindi, timitolo ta fodya wouma. Mfundo imeneyo ndingaizindikire ngakhale nditatsinzina. Kuseri kwa nyumba kunali chimanga cha zitsononkho zonenepa, chooneka kuti chinadya fetereza.

Anatuluka mayi wachitsikana, wapakati, n'kundigwadira ndi chikho cha madzi. Analibe mwano ngakhale pang'ono, ndipo izi n'zimene zinandipweteka koposa. Sankandidziwa.

"Duwa lokongolali munalipeza kuti?" ndinafunsa.

"Anandibweretsera ndi bambo a kunyumba kuno. Amakhalitsa ku Njombwa, kuli munda wawo wa fodya."

Ndinaika chikho pansi. Zaka zonse zija ndikusoka fodya m'chigafa ndi amuna anga, kani ine kwa iwo ndinali munda chabe. Mtsikanayo ataona kuti maso anga sakuchoka paduwalo, anadzuka n'kugwira nthambi imodzi.

"Mayi, ngati mwalikonda ndikuthyolereni kanthambi mukabzale kwanu. Koma musakaike m'dothi, akuti limakhala pakhungwa."