Mphete ya Masiku 100

Anzanga, Tae-ung ndinakumana naye pamsika wa nsomba wa Jagalchi, mu Okutobala chaka chatha.

Ntchito yanga kuno ku Busan ndi yoyendetsa alendo a misonkhano. M'mawa amakambirana zawo, masana ndimawakweza basi n'kuwaonetsa mzinda. Tsikulo ndinali ndi madokotala a mano. Nditawerenga mitu kuti tizinyamuka, mmodzi kulibe!

Ndinamupeza akujambula nkhanu ngati sanaionepo chibadwire.

"Adokotala, basi yonse ikudikira inu!"

"Pepani... Kodi anthu a ku Busan nonse mumayankhula ngati mukumenyana?"

"Nanga a ku Seoul nonse mumayenda ngati mukuperekeza maliro?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Ine maso anathamangira pachala chake, monga timachitira tonse atsikana, musakane. Panalibe mphete.

Kuyambira pamenepo ankabwera pa sitima kawiri pamwezi. Mayi anga anamuphikira msuzi wa nkhumba, iye n'kupempha mbale yachiwiri. Mayi anandinong'oneza kukhitchini: "Da-som, uyu usamutaye."

Mukudziwa kuti kwathu kuno chibwenzi chikakwana masiku 100 mumavala mphete zofanana. Mu Januwale anatulukira ina ili kale kuchala kwake, ina m'kabokosi. Yanga inali yokhwepa pang'ono, ndipo m'mbali inali ndi kachipsera.

"Golide weniweni ndi wofewa," anatero. Ine ndi misozi yachimwemwe m'maso ndikanafunsanso chiyani?

Mwezi watha anati ndisamukire ku Seoul tikakonzekere ukwati. Ndinalemba kalata yosiya ntchito. Mwini nyumba ndinamuuza kuti ndikutuluka. Katundu ali m'makatoni.

Dzulo linali tsiku langa lomaliza pantchito. Msonkhano wa madokotala a mano uja unabweranso, koma Tae-ung anati chaka chino sabwera, odwala achuluka. Ine anandipatsa basi ya akazi awo a madokotala, oti aziona malo amuna ali m'holo. Pamndandanda sindinaonepo chachilendo, pajatu akazi kuno sitisintha dzina la makolo tikakwatiwa.

Kutsogolo, pafupi ndi ine, panakhala mayi wina wofatsa, dzina lake Eun-sil. Anandisendera nachesi. Anandifunsa ngati ndadya. Ndinamukonda, anzanga, ndisaname.

Tinafika kukachisi wina wa m'mbali mwa nyanja. Potsika masitepe anaterereka, ine n'kumugwira dzanja. Ataima bwino sanandisiye. Anangoti maso tong'o pachala changa.

"Mng'ono wanga, mphete iyi waitenga kuti?"

"Anandipatsa chibwenzi changa," ndinayankha monyadira. "Ya masiku 100."

"Liti?"

"Mu Januwale."

Nkhope yake inayera. Anatembenuza mpheteyo pang'onopang'ono mpaka chala chake chinapeza kachipsera kaja.

"Apa analuma mwana wanga Ha-yul mano akutuluka," anatero. "Iyi ndi mphete yanga ya ukwati. Inasowa pasinki kwathu mu Januwale."

Ndinaseka! Inde, kuseka. "Ayi amayi, mphete zimafanana..."

Sanatsutse. Anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi. Tae-ung wanga, atanyamula mwana paphewa, atavala juzi yomwe ndinamulukira ndi manja angawa.

Ndinangoti khwithi pasitepe.

"Ndinasanthula nyumba yonse poifuna," anatero mayiyo. "Apongozi anandinyoza pamaso pa abale, akuti mkazi wotaya mphete atayanso banja. Mwamuna wangayo anali pomwepo, akundisisita pamsana. Akuti usalire, zimachitika."

Apa m'pamene ndinamvetsa. Tae-ung anatopa ndi kuvula mphete yake musitima. Anangoba ya mkazi wake n'kundiveka, kuti yakeyo azivala momasuka ku Seoul ndi ku Busan komwe.

"Ali kuti panopa?" ndinafunsa.

"M'holo. Akuphunzitsa anzake."

Ndinavula mphete n'kumuika m'manja. Kenako ndinaimirira, poti azimayi 30 ankadikira kuti ndiwauze mbiri ya kachisi. Ndinafotokoza zonse, ndikumwetulira. Zomwe ndinanena sindikumbukako n'chimodzi chomwe.

Madzulo basi itaima pahotelo, madokotala anali pakhomo kulandira akazi awo. Tae-ung analinso pomwepo, tayi ali pakhosi. Eun-sil anandigwira mkono n'kundikokera komweko.

"Bambo a Ha-yul, taonani!" anakweza dzanja. "Mphete yanga yapezeka. Inali kuno ku Busan. Anandisungira ndi mtsikanayu."

Ndinkayembekeza kuti agwada, kapena athawa, kapena angotchula dzina langa basi.

Anayang'ana mphete. Anayang'ana anzake omwe anali pambali. Kenako anatembenukira kwa ine, anaika manja m'mbali, n'kuwerama mwaulemu ngati mmene umachitira kwa munthu wokulozera njira.

"Zikomo kwambiri, chemwali. Mwatithandiza."

Chemwali!

Chaka chathunthu, anzanga. Munthu woti sabata yatha tinkasankha naye makatani a nyumba yathu.

Lero Lolemba ntchito ndilibe, ndipo Lachisanu mwini nyumba akufuna makiyi. Mayi anga sindinawauzebe, auza kale mpingo wonse kuti mwana wawo akukwatiwa ndi dokotala. Tae-ung sanaimbe, nambala yanga waitseka.

Atsikana anzanga, musasiye ntchito chifukwa cha munthu yemwe simunapondepo pakhomo pake. Ine chaka chonse ndinkamulandira pasiteshoni, osafunsa ngakhale kamodzi kuti sitimayo ikamubweza amakagogoda chitseko cha ndani.