Moni wa Pachidzenje

Madala oyandikana nyumba ndi mnzanga Odile, kuno kuchigawo cha Somme, sadutsa pachidzenje cha nkhondo chipewa chili kumutu. Amaima m'mphepete n'kupereka moni kwa asilikali amene anafera momwemo: "Mwadzuka bwanji, anyamata?" Chidzenjecho chinabadwa tsiku limene Angerezi anaphulitsa mabomba pansi pa ngalande zobisalamo Ajeremani, ndipo tchalitchi chathunthu chikhoza kumiramo. Lero muli udzu ndi mbalame basi.

Pulawo yawo ikafukula bomba ladzimbiri, amalinyamula ngati khanda n'kukaligoneka pambali pa msewu, asilikali adzatole. "Nthaka ino sinamalize kusanza," amatero.

Tsiku lina Odile anaona mlendo wochokera ku Mangalande, nkhata ya maluwa ili m'manja, akuzula kamtanda kolembedwa Chijeremani m'mphepete mwa chidzenjecho.

"Bwezerani pomwepo, bambo," anatero madalawo.

"Anthu amenewa anapha agogo anga!"

Madala analoza pansi. "Tsikani mukawasankhe. Ine ndakalambira m'minda imeneyi, koma sindinafukulepo fupa lolankhula Chijeremani."

Mlendoyo anasuzumira m'chidzenjemo nthawi yaitali. Kenako anagwada, nadzika kamtandako, n'kukaveka nkhata ija.

Odile amati ngakhale mphepo inaima.