Chala cha Lachisanu

Ufulu utangobwera m'dziko la eni lomwe tinapitako kukafuna ntchito, ndinkakhala kwa amalume kukomboni ya Mabutweni, ndipo tonse tinkagwira ntchito pafakitale ya mabulangete ku Donnington. Ine ndinkamanga mitolo, iwo ankayang'anira boyila.

Injiniya wachizungu, asanasamukire kumwera, anatisiyira makina atsopano oyendetsa boyila. Anagawa ntchito motere: madzi, moto ndi nthunzi, za makina; kudina batani lobiriwira belu likalira, za munthu. Batanilo silinkatsegula kanthu kapena kutseka kanthu. Linkangouza makina kuti munthu alipo. Ukachedwa kudina, makina ankazimitsa fakitale yonse.

Amalume anali Msilamu. Kumzikiti anali ndi malo awo pamzere woyamba, pafupi ndi mzati, kuyambira ine ndisanabadwe. Boyila yakale ankaisiyira mnzawo Lachisanu masana. Koma mnzawoyo anachotsedwa ntchito, poti makina atsopano ankafuna munthu mmodzi yekha, ndipo belu silinkadziwa Lachisanu.

Makaniko wathu, Mndebele wokonda nthabwala, anawapeza atakhala ndwii.

"Hawu, mdala! Nkhope ngati pamaliro?"

"Shehe akufunsa ngati ndinalowa Chikatolika."

"Yebo? Nanga makinawa amadziwa chala chanu?"

Makanikoyo anazula mota ya waipa palole yakufa, namangirirapo chala cha mphira. Belu likalira, chala chinkagwada n'kudina. Makina anakhulupirira kuti munthu alipo. Amalume anapita kukaswali atavala mkanjo woyera, ndipo fakitale sinatsokomole n'komwe.

Patapita milungu ingapo, manijala watsopano anachipeza chala chili pantchito chokha. Tinayembekeza zoopsa. Koma iye anachiyang'ana nthawi yaitali, nachiyamikira kuti ndi luso la ana a dziko lino. Analamula kuti achipake utoto. Kenako anaitana amalume.

"Baba, ichi ndi makina, si choncho?"

"Inde, bwana."

"Lamulo likuti makina aliwonse akhale ndi munthu wowayang'anira. Nanga chikatopa chala, adziwe ndani?"

Amalume anakwezedwa paudindo tsiku lomwelo, nawapatsa mpando ndi jasi yoyera. Makina ankayang'anira boyila, chala chinkatsimikizira makina kuti munthu alipo, ndipo munthu ankayang'anira chala, osachokapo, ngakhale Lachisanu lomwe.

Chala sichinaphonyepo belu. Malo a pamzati aja shehe anawapereka kwa telala wina wa ku Luveve.