Mpunga wa Tisa pa chilanga mulilo

Loweruka lapitali ndinanama bodza, ndipo amene ndinamunamiza ndi mwana wa mchimwene wanga.

Dzina lake ndi Tisa. Amaphika pa kafe ina ya cha ku Kabulonga, imodzi mwa zija zamera ngati bowa chiyambire kugulitsidwa kwa makampani a boma. Kumeneko anthu amadya nthawi yosadziwika bwino, si m'mawa si masana. Akuti buranchi. Bambo ake ntchito inawathera kampani yawo itagulitsidwa, choncho nyumba yonse ku Mtendere imadya thukuta la mtsikanayu.

Tsiku limenelo linali la chilanga mulilo chake. Kwa inu osadziwa, akuchikazi amaphika zakudya zamitundumitundu n'kupita nazo kwa mkamwini, kumuonetsa zimene azidya m'banja. Mkwatibwi sapita nawo. Amatsala pakhomo atafunda chitenje, mutu pansi, pakamwa potseka.

Tisa anapempha chinthu chimodzi chokha: pakati pa mapoto onsewo pakhalenso wake. Anaphika mpunga wokazinga ndi jinja, adyo, tsabola ndi sosi wakuda wa soya, n'kuwaza chitowe, pamwamba n'kuikapo mazira osaumitsa pakati. Akuti umu ndi mmene amadyera ku maiko a ku Asia. Pa kafepo akudya mpungawu amachita kulimbirana mipando, ndipo Limbikani, mkamwini wathuyo wa ku Chilenje, anayamba kuulawa pobweretsa ndiwo zamasamba kukhitchini.

Fungo lake, abale inu, linafika mpaka pampopi.

Alangizi athu, bana Chanda, anavundukula poto, n'kubaya dzira limodzi ndi supuni. Linayenderera.

"Ivi ni vichani manje?" anafunsa. "Mazila yosapya ku vipongozi? Bazakamba ati mwana sitinamupunzise."

Tisa sakanatha kuyankha, mwambo sulola. Anangondikoka chitenje n'kunong'ona: "Ba Anti, napapata, munyamule imwe."

Ndinavomera. Ndinamanga potoyo m'nsalu, ndinasenza, ndinatuluka naye pageti ng'oma zikulira. Tisanafike pa galimoto ya kanta imene tinabwereka, mlamu wanga, amake Tisa, ananditsitsa katunduyo mwakachetechete.

"Mulamu, osanichitisa nsoni," anatero. "Banthu ba ku Chilenje baja bakamba maningi."

Poto analowa m'nyumba ya aneba. Ine ndinakwera galimotoyo manja ali lende, ndipo ndinaimba nawo nyimbo njira yonse.

Tsono tiyeni tifunsane. Chakudya chathu n'chiti?

Agogo athu anabwera wapansi kuchokera ku Nyasalande kudzafuna ntchito. Chilanga mulilo sankachidziwa n'komwe. Tinachitola kwa anzathu Achibemba muno m'komboni, ndipo lero timachiteteza ngati tinabadwa nacho. Chikanda chimene tinanyamula monyadira tsiku lija, amayi anga ankachiyang'ana cham'mbali. Nanga samusa tinawatenga kuti? Suja anachokera m'makhitchini a amwenye a ku Kamwala kumene amalume athu ankaphika?

Zikuoneka kuti chakudya chimasanduka chathu pokhapokha amene anachibweretsa atamwalira.

Sindikuti bana Chanda ndi oipa, ayi. Ntchito yawo ndi kuteteza mtsikana ku malilime a apongozi, ndipo malilimewo alipodi. Dzira loyenderera kwa ife ndi dzira la munthu waulesi. Ineyo pano ndikalipeza m'mbale ndimalikankhira pambali. Koma mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ana athu tinawatumiza tokha kukafuna ntchito kumayadi pamene abambo awo anakhala pansi. Aphunzira kumeneko zimene ife sitidziwa. Malipiro awo timalandira ndi manja awiri, koma luso limene labweretsa malipirowo timalibisa kwa aneba.

Ndipo si Tisa yekha. Pitani ku komboni ya Ng'ombe m'mawa muone atsikana ndi amayi ali ndawala kupita kukaphikira ena. Ambiri a iwo amatha kuphika zinthu zimene amuna awo sadzalawa mpaka kufa. Akafika kunyumba amavula lusolo pamodzi ndi yunifolomu. Pa tsiku la mwambo timawaveka chitenje n'kuwaonetsa ngati atsikana ongotsika basi kuchokera kumudzi, chonsecho mkamwini akudziwa bwino lomwe amene akumukwatira.

Tikunamiza ndani kodi?

Ku Chilenje zonse zinayenda bwino. Bana Chanda anavundukula poto mmodzimmodzi, kutchula dzina la chakudya chilichonse: ifisashi, kalembula, nkhuku ya kumudzi, kapenta, finkubala. Apongozi anaombera m'manja. Limbikani anakhala pampando wake mwaulemu, koma ndinaona maso ake akuyendayenda pamapoto. Atavundukula womaliza, anayang'ana kwa ine. Ine ndinayang'ana nsapato zanga.

Titabwerera ku Mtendere ndinapeza Tisa akadali m'chipinda, chitenje chili kumutu. Sanafunse za apongozi, kapena za nyimbo, kapena za mphatso.

"Ba Anti, anadya?"

Amake anali ataima pakhomo, akundiyang'ana.

"Anadya, mwanangu," ndinatero.

Anaseka pansi pa chitenjecho, kuseka kwa munthu amene mtima wakhala pansi. Zinandipweteka, ndipo zikundipwetekabe. Mpungawo anadya ana a aneba, ndipo akuti ananyambita ndi chivundikiro chomwe.

Ukwati uli Loweruka likudzali. Tsiku lina posachedwa, awiriwo ali okha kunyumba kwawo, Tisa adzamufunsa mwamuna wake mmene mpunga uja unakomera. Limbikani ndi mnyamata wosadziwa kunama.

Inu amene mumati mwambo ndi wophunzitsa ana, tandiuzani: tsiku limenelo Tisa adzakhala ataphunzira chiyani za ife?