Lezala Imodzi ya Banja Lonse

Ndinachoka kwathu ku Tembwe chaka chimene njovu zinadya chimanga chathu chonse, n'kubweranso kudzafunsa ndiwo. Ndikulumbira, ndinalipo. Ndinati basi, ndikanyamule matumba a simenti ku Kitwe.

Ndisananyamuke, amalume anatitemera mphini zoteteza: ine, akulu anga a Chiza ndi mlongo wathu Tamara. Lezala inali imodzi, ya banja lonse, yobuntha moti inkachita kupempha khungu kuti litseguke.

Ku Kitwe chipinda changa chinali chaching'ono, pofuna kutembenuka ndinkayamba ndatuluka panja. Mnzanga anali foni. Tsiku lina ndinakapereka magazi, kutsata mabisiketi aulere. Anandiitananso: ndili ndi kachilombo ka hepataitisi B, kamene kamadya chiwindi mwakachetechete. Namwino ataona mphini zanga anati kamatha kuyenda pa lezala, kapena kuchokera kwa mayi pobereka. Ndinayamba mankhwala, n'kuimba foni kumudzi.

"Akulu, kayezetseni ku boma, nonse."

"Iwe, chiwindi chimavuta zidakwa. Ine ndine mkulu wa mpingo. Tumizako feteleza."

Ndinkatumiza feteleza chaka ndi chaka. Chimanga chinkachira.

Manje ndabwerera. A Chiza maso achikasu, mimba ngati ng'oma, ndipo amanditchula dzina la atate athu amene anamwalira kalekale. Kuchipatala akuti chiwindi chaleka ntchito. Tamara watupa mwanabere m'khosi ndi m'khwapa, amadzuka zovala zitanyowa thukuta. Madokotala akuti ndi khansa yotchedwa limfoma, ndipo kachilombo kaja nayenso ali nako. Apa sindikukokomeza. Ndayesa, palibe powonjezera.

Pamudzi chifukwa anachipeza kale: wonenepa ndine ndekha, ndiye kuti ndadya abale anga kuti ndilemere. Ine, amene thalauza langa lili ndi zigamba zambiri kuposa nsalu.

Dzulo m'mawa ndinapeza alamu, akazi a Chiza, atafoletsa ana awo kuseri kwa nkhokwe, malaya atavula. Amalume anali atangotemera odwala aja, lezala yomweyo ili m'manja.

"Alamu, anawa mukuwateteza kwa ndani?"

"Kwa iwe."

Ndinalanda lezala n'kukaiponya m'chimbudzi. Ndinati ngati ndine mfiti, andilondole mpaka kuchipatala cha Chama, aone ndikulodza anawo ndi katemera wa kachilombo kaja dzuwa likuswa mtengo.

Palibe anaseka. Kamtsikana kakang'ono kanandiyandikira, kamagazi kakutsetsereka pachifuwa, kakumwetulira.

"Atata ang'ono, ine anditemera kale. Manje sindidzadwala."