Bambo Tidzakonza ndi khoma la kukhitchini

Dzina loti Tidzakonza anawapatsa ndi apongozi awo. Tsiku loyamba kufika m'nyumbamo, apongoziwo anapunthwa pakhomo, kenako anakoka chitseko cha kubafa, chogwirira n'kutsala m'manja mwawo. Pa zonsezi mkamwini wawo ankangoti, "Tidzakonza, amayi." Apongozi aja anamwalira kalekale, koma dzinalo linakanirira.

Bambowa ndi telala. Makina awo osokera amakhala pabalaza, pafupi ndi windo lokhalo limene linkatseguka. Sikuti ndi aulesi ayi, diresi la ukwati amalimaliza tsiku lisanakwane. Kungoti nyumba ankaikonza ndi pakamwa. Munthu aliyense, ngakhale wongodzachepetsetsa thalauza, ankamuyendetsa m'zipinda: apa padzakhala matailosi, apa tidzaboola windo, uku siling'i yatsopano. Ana anakula akumva zimenezi mpaka anachoka pakhomo.

Mwana wawo wachisamba ndi namwino. Atabwera kutchuthi anapeza beseni pabedi la makolo ake likulandira madontho a mvula. Sanafunse munthu. M'mawa mwake anatulukira ndi mmisiri, mayi wamfupi wa mawu aakulu, pensulo ili kukhutu, kanyundo m'manja.

"Adadi, awa abwera kudzaona nyumba."

"Aone, aone," anatero bambowo, akuvula tepi m'khosi. "Mapulani onse ali m'mutumu."

Anayambira pachitseko cha kuchipinda. Mmisiri anachikankha, osasuntha.

"Chatupa ichi."

"Sichinatupe, mayi, chimangofuna wochidziwa. Mumachikweza pang'ono, n'kuchigunda ndi bondo. Onani."

Anachikweza, anachigunda. Chitseko chili phee. Bambo anagwira bondo lawo akutsinzina.

"Lero chachita manyazi ndi alendo."

Pabalaza mmisiri anatola kampukutu ka ulusi n'kukaika pansi. Kanagubuduzika kokha mpaka kukona.

"Simenti yapendekeka."

"Ndiye ubwino wake umenewo. Batani likagwa sindivutika kufufuza, ndimadziwa kumene lapita."

Pakonapo panalidi mabatani a mitundumitundu, ndi singano zomwe.

Chitseko chija chitalola, analowa kuchipinda. Mmisiri anabwereka tsache n'kugogoda siling'i ndi mpini wake. Kunatsika fumbi lofiira, lonse pamutu pa bambo, ndi tizidutswa ta thabwa tophwanyika ngati bisiketi.

"Nanga chiswechi, bambo, nachonso chili ndi ubwino wake?"

Bambo anangopukuta dazi lawo.

Mmisiri anafotokoza mosapita m'mbali. Maziko ali bwino, makoma ndi olimba, njerwa za kale sizinama. Koma ntchito iyambire kumwamba: matabwa a denga achoke, malata obooka asinthidwe, kenako mawaya a magetsi, chifukwa ena makoswe anawasenda. Penti ndi womalizira. Apa bambo anadandaula, popeza penti yekhayo ndi amene anali atasankha kale mtundu wake.

Nthawi yonseyi mayi a m'nyumbamo anali ataima pakhomo la khitchini, akupukuta manja ndi kansalu. Mmisiri anawatembenukira.

"Nanga inu amayi, mukufuna chisinthe n'chiyani?"

Funso limeneli anali asanafunsidwepo. Anayang'ana amuna awo, kenako anaika dzanja pakhoma lolekanitsa khitchini ndi pabalaza.

"Ili lichoke. Zaka zonsezi ndimangomva anthu akuseka kuseri kwa khoma. Ndikamafika ndi thireyi, nkhani yatha, mwayamba ina. Ndimaseka nawo, koma sindidziwa chomwe ndikusekera."

Mwana uja anayang'ana pakamwa pa bambo ake, akudikira yankho la masiku onse. Koma bambowo anakanda chibwano n'kufunsa mmisiri motsitsa mawu:

"Kodi khomali lasenza denga?"

Mmisiri anakwera pampando, anasuzumira pabowo la siling'i, n'kutsika. "Ayi. Langokhalapo."

"Ndiye ligwe. Mukangomaliza dengalo, ligwe."

Ntchito inayamba mvula itakata. Bambo anasamutsira makina pakhonde, koma ankalowa pafupipafupi kudzalangiza amisiri pokhoma misomali, mpaka mmisiri anawapatsa ntchito yothira madzi pasimenti kuti anthu apume. Tsiku logwetsa khoma, nyundo yoyamba anamenya ndi mayi a m'nyumbamo, mokwiya ndithu, moti onse anabwerera m'mbuyo.

Lero pabalaza m'powala, ndipo mayi amasenda mbatata akumva zonse. Vuto ndi lomwelo. Bambo akayamba kuuza kasitomala za tsiku limene anasoka masuti asanu magetsi atazima, mawu amachokera kukhitchini: "Anali awiri, ndipo imodzi anaibweza." Akanena kuti paunyamata wawo atsikana ankawalimbirana, kumamveka chikhakhali ndi kugwa kwa supuni.

Posachedwapa mmisiri uja anadutsa kudzatenga siketi yake. Bambo anamukokera pambali n'kunong'ona:

"Kodi kakhoma kakang'ono, kongofika m'chiuno, sikangatheke?"

"Ndamvatu!" anatero mayi kukhitchini.